MAI AMENE ANAPALASA NJINGA KUFIKIRA KU INDIA

Nkhani ya lero ndi ya nchito imene anthu ambiri saiyesa nchito konse, ndiyo kuyenda m'maiko a eni, kuona makhalidwe a anthu, ndi kubwerera kumudzi kukalemba buku. Munthu wa pa mgodi akamva zimenezi angathe kuseka ndi kufunsa ngati kuyenda-yenda nakonso ndi kugwira nchito, pakuti nchito imene iye aidziwa iri ndi belu lace, kapitao wace ndi tsiku lace la malipiro. Koma alipo anthu amene adya za ulendo monga mmene mlimi adyera za khasu, ndipo pakati pao pali ena amene sanalembedwe nchito ndi munthu ali yense. Alibe bwana wakuwatuma, alibenso bwana wakuwalipira pakutha pa mwezi. Alemba, nagulitsa zolembazo kwa iye amene afuna kugula, ndipo zikakanidwa mphika sukhala pa moto. Mmodzi wa anthu otere, amene anadutsa ndithu m'dziko lino la Zambia pa njinga yopalasa, anali Mai Dervla Murphy a ku Ireland.

Ana a sukulu adziwa dzina la David Livingstone, amene anafera kwa Chitambo m'caka ca 1873, ndi la Henry Morton Stanley amene anakampeza ku Ujiji mu 1871. Onse awiri analemba mabuku a maulendo ao, koma onse awiri anali otumidwa. Livingstone anatumidwa poyamba ndi a misyoni a London Missionary Society, ndipo pambuyo pace ndi boma la Britain. Stanley anatumidwa ndi nyuzipepala ya New York Herald, ndipo ndiyo inalipira amtenga-tenga ace, nsaru zace ndi mikanda yace. Mai Murphy sanatumidwe ndi misyoni, boma kapena nyuzipepala, ndipo mtenga-tenga wao anali njinga. Komabe pali cingwe cimodzi cimene ciwalumikiza ndi Livingstone: nyumba yosindikiza mabuku ya John Murray ku London, imene inaturutsa buku loyamba la maulendo a Livingstone mu 1857, ndiyo inaturutsanso buku loyamba la mai ameneyu zitapita zaka 108.

Iwo anabadwa pa 28 Novembala 1931, nakulira m'kamzinda ka Lismore, kum'mwera kwa Ireland. Anali mwana mmodzi yekha. Atate ao anali woyang'anira malaibulale a boma m'cigawo ca Waterford, cotero mabuku sanali kusowa m'nyumbamo, ngakhale ndalama zinali kusowa kawiri-kawiri. Pa tsiku limene anakwanitsa zaka 10 anapatsidwa mphatso ziwiri, njinga yogula kwa munthu wina ndi buku la mapu. Mwanayo anayang'ana mapuwo, naona kuti kucokera ku Ulaya kufikira ku India mtunda uli wolumikizana, ndipo anatsimikiza mumtima kuti munthu akangolimbika kupalasa osaleka, tsiku lina adzafika. Sanauze munthu, cifukwa anadziwa kuti akulu adzaseka.

Koma zinatenga zaka zoposa 20 kuti anyamuke. Amai ao anagwidwa ndi nyamakazi yoopsya mwanayo akali khanda, ndipo nthendayo inapinda thupi lao pang'ono-pang'ono kufikira sanathe kudzicitira kanthu. Ali ndi zaka 14 Dervla anacotsedwa pa sukulu kuti akasamale wodwalayo, ndipo anamsamala zaka 16, usana ndi usiku, kumnyamula, kumsambitsa ndi kumdyetsa. Ali yense amene anadwazikapo kholo lace adziwa kuti cikondi ndi kutopa zigona pa mphasa imodzi, ndipo iwo sanabise zimenezi pamene analemba mbiri ya moyo wao m'buku la 1979 lochedwa Wheels within Wheels. M'zaka zimenezo akapatsidwa masabata owerengeka a kupumula, anali kutenga njinga ndi kuoloka nyanja. Anayenda kawiri m'dziko la Spain, nalemba nkhani zimene anagulitsa ku nyuzipepala ya Irish Independent ndi ku magazini ya Hibernia. Analembanso buku lathunthu la ulendo wa ku Spain, koma osindikiza analikana. Umo ndimo anaphunzirira nchitoyo, wopanda mphunzitsi, ndi mapepala obwezedwa pa positi.

Atate ao anamwalira mu 1961, amai ao mu 1962, ndipo m'mwezi wa Januwale 1963, ali ndi zaka 31, anayamba kupalasa kucokera ku Dunkirk m'dziko la France. Nyengo imene anasankha inali yoipa koposa, pakuti cisanu ca caka cimeneco cinali cimodzi ca zoopsya zimene Ulaya anaziona m'zaka zambiri, ndipo misewu inakwiririka ndi cipale cofewa. Njinga yao inali ya amuna, ya mtundu wa Armstrong, ndipo anaicha dzina lakuti Roz. Asananyamuke anacotsako magiya, poganiza kuti cinthu cokhala ndi tizitsulo tambiri cithyoka msanga pa msewu wa miyala ndipo sicikonzeka kuthengo. Matayala ena anatumiziratu pa positi ku mizinda ya patsogolo, kuti awapeze pofika. M'thumba anali ndi kamfuti kakang'ono, ndipo anakaombadi usiku wina ku Yugoslavia pamene zirombo zonga mimbulu zinawalumphira pa njira.

Anapyola Bulgaria, Turkey ndi Iran, nalowa m'Afghanistan, dziko limene analikonda koposa onse a pa ulendowo, ngakhale ndi komweko kumene anathyoka nthiti. Panabuka ndeu m'basi imene anakweramo, ndipo mfuti ya munthu wina inawagunda pa cifuwa, osati mwadala. Atacira pang'ono anapitirira ku Pakistan, nakwera m'mapiri a kumpoto kwace, ndipo m'mwezi wa Julaye anafika ku Delhi, itatha miyezi 6.

Tsono apa ndi pamene pali nchito yeni-yeni, pakuti anthu opalasa njinga kutali alipo ambiri, koma olemba ndi owerengeka. Madzulo ali onse, ngakhale atatopa cotani, Mai Murphy anali kukhala pansi ndi kulemba zonse za tsikulo, pa kuunika kwa nyali kapena kandulo: anthu amene anakomana nao, mau amene anamva, cakudya cimene anadya, mtengo wace, ndi maonekedwe a dziko. Anadziwa kuti cimene sicilembedwa lero, mawa mtima ucikometsera kapena kuciiwala. Mapepalawo anali kuwatumiza pa positi kwa abwenzi ao ku Ireland, amene anali kupatsirana kuwerenga. Ku Delhi anakomana ndi Mai Penelope Chetwode, mkazi wa wolemba ndakatulo John Betjeman, amene nayenso anali wolemba za maulendo, ndipo ameneyu ndiye anawalozera kwa Jock Murray, mwini nyumba yosindikiza ija. Mapepala a pa njira aja anasanduka buku lochedwa Full Tilt, limene linaturuka mu 1965, ndipo liwerengedwabe kufikira lero. Asanabwerere kwao anakhala miyezi ingapo ku Dharamsala, kumpoto kwa India, akusamala ana a anthu a ku Tibet othawa kwao, ndipo m'menemo munaturuka buku laciwiri mu 1966.

Omvera ena adzafuna kudziwa kumene ndalama zicokera pa nchito yotere. Wolemba wodziimira yekha salandira malipiro a mwezi. Buku lace likagulidwa m'sitoro, iye alandira kagawo kakang'ono ka mtengo wace, kawiri-kawiri gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo zotsalazo zigawidwa pakati pa wogulitsa, wosindikiza ndi wopanga mapepala. Kagawoko sikabwera tsiku lomwelo iai. Kasonkhanitsidwa, ndipo mwini wace auzidwa kuwerengera kwace kamodzi kapena kawiri pa caka. Munthu angathe kuyenda miyezi 3, kulemba caka cathunthu, kudikira miyezi yinanso kuti buku lisindikizidwe, ndipo m'nthawi yonseyo adya za buku lakale. Kulibe penshoni, kulibe cipatala ca kampani, kulibe nyumba ya m'komboni. Akadwala, colembera naco cidwala.

Cifukwa ca ici osindikiza ali ndi mwambo wakupatsa wolemba ndalama zina buku lisanalembedwe, zimene adzazicotsa pa kagawo kace pambuyo pace. Anthu a pa nchito aidziwa bwino adivansi, ndipo adziwanso kuti ikoma pa tsiku lolandira, niwawa pa tsiku la malipiro. Mai Murphy anakana kulandira ndalama zotere. Analipira okha maulendo ao, ndipo anapereka buku kwa wosindikiza litatha kulembedwa. Anaona kuti munthu amene wadyeratu za mwini wace sangathe kusintha njira pakati pa ulendo, sangathenso kubwera ndi buku losiyana ndi limene analonjeza. Ufulu umenewu anaugula ndi umphawi wodzisankhira. Sanaphunzire kuyendetsa galimoto moyo wao wonse, zobvala zao zinali zocepa ndi zakale, ndipo pa ulendo anali kugona m'nyumba za alendo zochipa koposa, m'nyumba za anthu a m'midzi, kapena pa bwalo.

Pakutha pa 1966 anatsika pa doko la Massawa, nayenda pansi mamailosi oposa 1,000 m'mapiri a Ethiopia kulinga ku Addis Ababa, katundu wao atasenzedwa ndi nyuru imene anaicha Jock, dzina la wosindikiza wao uja. Anaberedwa katatu pa ulendo umenewo, ndipo pena moyo wao unali pafupi kutayika. Buku lace linaturuka mu 1968, caka comweco cimene anabala mwana wao wamkazi. Sanakwatiwe, ndipo m'Ireland wa masiku amenewo, mmene Chalichi ca Katolika cinali ndi mphamvu pa zonse, mkazi wolera mwana wopanda mwamuna anali kulozedwa zala. Anakhala pa khomo zaka 5, ndipo pakuti wolemba za maulendo amene sayenda alibe cogulitsa, anapeza cakudya mwa kuwerenga mabuku atsopano a anzao ndi kulemba m'nyuzipepala maganizo ao pa mabukuwo. Mwanayo ali ndi zaka ngati 5 ananyamuka naye kunka kum'mwera kwa India, kenaka ku mapiri ozizira a Baltistan, ndipo ali ndi zaka 9 anayenda naye pansi mamailosi 1,300 m'mapiri a Peru, kucokera ku Cajamarca kufikira ku Cuzco. Buku la ulendo umenewo analicha Eight Feet in the Andes, kunena mapazi 8: awiri a mai, awiri a mwana, ndi anai a nyuru. Anthu ena anadzudzula kuti kumeneku ndi kuika mwana pa ngozi, ndipo mau ao sanali opanda pace. Koma zinaonekanso kuti mlendo wokhala ndi mwana atsegulidwa makomo amene mlendo wa yekha sawaona.

Ulendo umene unasintha kalembedwe kao unali waufupi koposa yonse. M'zaka za nkhondo ya paciweni-weni ku Northern Ireland, pamene Akatolika ndi Aprotestanti anali kuphana, iwo anazindikira kuti adziwa bwino Afghanistan kuposa cigawo ca cisumbu cao comwe. Anapalasa njinga kunka kumpoto, nakhala pansi ndi anthu a mbali zonse ziwiri, akumvetsera. Buku lace, A Place Apart, linaturuka mu 1978, nilandira mphoto ya Christopher Ewart-Biggs. Kuyambira pamenepo mabuku ao sanalinso a mapiri ndi mitsinje yokha, koma a maboma, umphawi ndi nkhondo.

Mu 1992, ali ndi zaka 60, anatsika ndege ku Nairobi ndi njinga yatsopano, napalasa mamailosi ngati 3,000 kupyola Kenya, Uganda, Tanzania, Malawi ndi Zambia kufikira ku Zimbabwe. Cinali caka ca cilala cacikuru, cimene cinaumitsa cimanga kum'mwera konse kwa Africa. Ku Zambia kunali kutangopita miyezi yowerengeka cicokereni Dr. Kenneth Kaunda pa mpando pa cisankho ca Okotobala 1991, ndipo ku Malawi ndico caka cimene mabishopu a Katolika analemba kalata yodzudzula boma la Dr. Banda. Pa njira anthu ambiri anawayesa mwamuna, cifukwa ca tsitsi lalifupi, mau akulu, ndi cifukwa cakuti sanaganize kuti gogo wamkazi angayende yekha cotero.

Iwo ananyamuka kuti akapumule ku mabvuto a dziko, koma ulendowo unawasankhira nkhani yace. Pali ponse pamene anaima, m'tinyumba ta alendo ta m'mbali mwa msewu ndi m'mabawa mmene anali kumwa mowa wao madzulo, anthu anali kuwafotokozera za nthenda imodzi. Aphunzitsi, oyendetsa malori, akazi amasiye ndi atsikana ogulitsa mowa, onse anali ndi maliro ao owerenga. Buku linaturuka mu 1993 ndi dzina lakuti The Ukimwi Road. Ukimwi ndilo dzina la Edzi m'Ciswahili. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo kunalibe, ndipo pa maliro ambiri dzina la nthendayo silinali kuchulidwa. Akanakhala kuti analandiriratu ndalama za buku la nyama za m'thengo ndi mathithi a madzi, sakanamasuka kulemba limeneli. M'bukumo anaimira kumbali ya akazi, amene anaona kuti asenza katundu wolemera koposa, ndipo anadzudzula kolimba mabungwe a Azungu obwera ndi thandizo, pamodzi ndi IMF ndi World Bank, amene malamulo ao a ngongole anakweza mitengo ya zakudya. Anthu a ku migodi amene akumbukira cipolowe ca mtengo wa ufa m'Disembala 1986 sasowa kufotokozeredwa zimenezo.

Pano pali funso limene womvera wanzeru ayenera kufunsa: kodi munthu wogona usiku umodzi pa mudzi angadziwe ciani za mudziwo? Akulu anati mlendo ndi mame. Mai Murphy sanalankhule Cinyanja, Cibemba kapena Ciswahili, cotero amene anaceza nao nthawi yaitali anali odziwa Cingerezi, ndipo nkhalamba ya pa mtondo inangowapatsa moni ndi madzi. Nthawi zina anaweruza msanga, ndipo maganizo ao pa zimene ziyenera Africa anali a munthu amene adzabwerera kwao. Wowerenga wa kuno adzapeza masamba amene adzagwedeza mutu. Komabe akulu omwewo anatinso mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Munthu wa pa njinga ayenda pa liwiro limene anthu angathe kumuimitsa, amva pfumbi ndi ludzu lomwe eni dziko alimva, ndipo afika pa mudzi ali wosowa, wopempha madzi ndi pogona, osati wogawa. Anthu auza mlendo wopita zinthu zimene sangauze mnansi wao, podziwa kuti mawa sadzakomana naye ku citsime. Cifukwa cace m'buku la mlendoyu mwasungidwa mau a anthu wamba a 1992 amene sanalembedwe m'malipoti a boma.

Ndipo msewu sunapangidwire Azungu okha. M'caka comweco ca 1965 cimene Full Tilt inaturuka, kunaturukanso buku la Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland wophunzira ku Livingstonia, amene ananyamuka pansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, nafika ku Khartoum zitapita zaka ziwiri. Buku lace ndi I Will Try. M'caka comweconso Tété-Michel Kpomassie wa ku Togo anafika ku Greenland, dziko la madzi oundana, ndipo pambuyo pace analemba za anthu a kumeneko ndi maso a munthu wa ku Africa. Cimene cicepetsa mabuku otere si kusowa kwa miyendo kapena nzeru. Mzungu wa pasipoti ya ku Ulaya aoloka malire ambiri mosabvuta, ndipo kwao kuli osindikiza ndi ogula mabuku, pamene mnzace wa kuno ayamba wapempha cilolezo ca kulowa m'dziko liri lonse, nabwerera kumene ogula mabuku ali ocepa.

Mai Murphy sanaleke. Anayenda m'South Africa mu 1993 ndi 1994, nthawi ya kuphedwa kwa Chris Hani ndi ya cisankho cimene cinaika Nelson Mandela pa mpando, ndipo anafikanso ku Rwanda itapita nkhondo ya kupulula anthu. Atapyola zaka 70 anayenda ku Siberia ndi ku Cuba. Pamenepo nchitoyo inali itasintha. Nyumba ya John Murray inagulitsidwa mu 2002, itakhala m'manja a banja limodzi zaka zoposa 200, ndipo mabuku ao otsiriza anasindikizidwa ndi kampani yaing'ono ya Eland. Intaneti inadzaza dziko ndi nkhani za maulendo zaulere, manyuzipepala anacepetsa malipiro a olemba odziimira okha, ndipo ambiri a iwo lero ayenda pa ndalama za mahotela ndi makampani a ndege, amene ayembekeza kuyamikiridwa. Iwo anakhalabe m'nyumba zao zakale za miyala pa malo a msika wakale wa Lismore, akulemba ndi dzanja ndi kutaipa pa makina, ndipo nthawi yolemba buku anali kudzitsekera osalandira alendo.

Mabuku ao otsiriza anali a maulendo a ku Israel ndi Palestine. Mu 2011, ali ndi zaka 79, anakhala mwezi wathunthu ku Gaza, ndipo buku lace, A Month by the Sea, linaturuka mu 2013. Lina la dziko lomwelo linatsatira mu 2015. Pambuyo pace nyamakazi ndi ukalamba zinawakhazika pa khomo. Bungwe la Royal Geographical Society la ku London, lomwe lija linathandiza maulendo a Livingstone, linawapatsa mphoto ya Ness mu 2019. Anasiya mabuku oposa 20, ndipo anamwalira ku Lismore pa 22 Meyi 2022, ali ndi zaka 90.